Mutu 6: Khadi la Pamwamba

1. Bokosi la nsapato

Lachisanu lililonse, ikakwana piriyodi yomaliza, ana a Fomu 3 ankakankhira madesiki kukhoma n'kusiya mpando umodzi pakati pa kalasi. Inali nthawi ya zisudzo. Mphunzitsi wake anali bambo wamfupi wadazi, amene ankayenda ndi kabelu kamkuwa m'thumba la jekete. Ana anangowatcha a Kabelu, ndipo eni ake ankavomera.

A Kabelu sankafuna zoloweza mawu pamtima. Ankaphunzitsa ndi masewero omwe ankawatcha Mpando wa Mafunso. Panali bokosi la nsapato, m'katimo muli makhadi opinda. Khadi lililonse linkakuuza kuti lero ndiwe yani: mlonda, namwino, kondakitala, kaya wakuba nkhuku. Khadi limodzi lokha linkakhala ndi mzere wofiira m'kati. Wotola limenelo ankakhala pampando mphindi khumi, anzake n'kumamupanikiza ndi mafunso, aliyense monga mwa khadi lake. Zokonzekera panalibe, umayankha pompo.

Teremu ikamayamba, a Kabelu ankabwereza malamulo awo.

"Malamulo anga ndi atatu basi. Loyamba, zapakhadi zikhale zopeka. Osalembapo za munthu wa pasukulu pano, osalembapo za kunyumba kwa mnzako. Lachiwiri, belu likalira tonse timaimirira, kusansa manja, n'kunena kuti, 'Sindine uja.' Munthu wa pakhadi amatsala pakhadi, sapita nawe kwanu. Lachitatu, amene wapirira pampando mpaka belu ndiye amatenga bokosi kukalemba makhadi a sabata yotsatira. Wothawa pampando bokosi saligwira, ndipo amakhala woonerera mpaka teremu ithe. Mwamva, anthu a Mulungu inu?"

Sabata imeneyi bokosi linali kwa Tsabola. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake amene ankamulera, chifukwa mwanayu anali wochepa thupi koma wa mtima wapachala. Tsabola anali ndi chibwibwi. Akamufunsa funso la masamu, mawu ankamukakamira pakhosi mpaka mphunzitsi n'kuloza wina. Koma akatola khadi n'kusanduka munthu wina, lilime linkamasuka lokha. N'chifukwa chake Lachisanu ankalikonda kuposa masiku onse.

Lachisanu lapitalo anatola khadi lofiira. Anali mayi wogulitsa matimati, amene ankamunena kuti amabisa owola pansi pa mulu. Abale inu, mtsikanayu anayankha mokoma! Anzake ankachita kumuombera m'manja. Kenaka anaimirira Mfumukazi.

Mfumukazi anali mtsikana wamtali, wa mawu omveka mpaka kumpanda. Dzinalo linamukakamira kuyambira pomwe anasewera ngati mfumukazi ali Fomu 1. Iye ndi Tsabola kale anali pa chinzake cha ponda apa nane mpondepo. Koma chaka chino Mfumukazi anali atapeza gulu latsopano, atsikana osakhuta kuseka anthu.

"Ma-ma-mayi, ma-ma-matimatiwa ndi bwa-bwa-bwanji?" anatero Mfumukazi, akutsinzina ndi kugwedeza chibwano ndendende mmene Tsabola ankachitira mawu akakana.

Kalasi lonse linafa nalo phwete. Lilime la Tsabola linamangika pomwepo. Misozi inatsika, koma pampando sanachoke mpaka belu linalira. A Kabelu anakalipa zedi, n'kulamula Mfumukazi kuti apepese. Kupepesa kwake nanga! "Pepatu," basi, uku akutsinzinira anzake diso.

Kuyambira Lolemba, kulikonse komwe Tsabola ankadutsa, kaya pampopi kaya pakhomo la laibulale, ngakhale tiana ta Fomu 1 tinkanong'ona kumbuyo kwake kuti, "Ma-ma-matimati."

"Andidziwa ameneyu," anatero Tsabola ali yekha kuseri kwa kalasi. "Ndimukhaulitsa."

2. Zomwe ankadziwa awiri okha

Ali Fomu 1, atsikana awiriwa ankakonda kukhala pamasitepe osweka kuseri kwa labu ya sayansi. Tsiku lina Mfumukazi anavula wotchi yake. Inali yaikulu, yachimuna, lamba wake wachikopa ataboola kawiri ndi msomali kuti imukwane. Sukulu yonse inkadziwa kuti anamugulira ndi bambo ake, dalaivala wa malole opita kutali, amene sankaoneka pakhomo.

"Ndikuuze zoona, koma ufe nazo," anatero Mfumukazi tsikulo. "Bambo anga sali paulendo. Ali kundende. Anagunda munthu ndi lole ataledzera. Wotchiyi anatipatsa ndi asilikali a kundende, ili m'kapulasitiki, tsiku lomwe analowa."

Anafotokoza zonse. Loweruka loyamba la mwezi ankapita ndi amayi ake kukawaona. Ankanyamula sopo, ndipo msilikali wa pageti ankamudula pakati kuti aone ngati sanabisemo kanthu. Lipoti la kusukulu ankaligwirizira pawaya kuti bambo ake aliwerenge.

Tsabola naye anamasula mtima.

"A-amayi anga sagwira ntchito kuhotela monga ndimanenera. Ali kuchipatala cha odwala misala. Ndimapitako ndi azakhali Lamulungu. Masiku ena amandizindikira. Masiku ena amandifunsa kuti ndine mwana wa yani."

Analira onse awiri, n'kulumbira kuti zimenezi adzapita nazo kumanda. Ndipo kunena zoona, ngakhale chinzake chinazirala, mpaka sabata imeneyi panalibe amene anatsegula pakamwa.

3. Sizasi ya azakhali

Lachitatu masana Tsabola anakhala patebulo lodulira nsalu m'shopu ya azakhali ake. Inali shopu ya chipinda chimodzi m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi geti la sukulu, muli makina osokera awiri ndi kalilole wamtali wosweka pakona. Anadula makhadi asanu ndi atatu pakatoni ya ulusi. Khadi lomaliza analilemba mosamala, akuluma mlomo, kenaka analijambula mzere wofiira.

Azakhali anabwera kudzatenga sizasi. Iwo maso awo sankaphonya kanthu, kaya msoko wokhota kaya mwana wabodza. Analitola khadilo n'kuliwerenga, magalasi ali pamphuno.

"Lole. Ndende. Sopo wodula pakati," anatero pang'onopang'ono. "Iwe Tsabola, mwana ameneyu ine ndikumudziwa. Yunifolomu yake ndinasoka ndine. Amayi ake anakhalapo pabenchi apo akulira."

"A-anayamba ndi iyeyo, azakhali."

"Ndikudziwa. Wakhala ukubwera maso ali psuu sabata yonse, ukuganiza kuti sindikuona? Anakulakwira, ndipo anakulakwira kwambiri. Koma tandimvera, mwana wa mchimwene wanga."

Anazimitsa wailesi, n'kukhala pampando wa makina.

"Ine ndasoka m'chipinda muno zaka makumi awiri. Anthu akamavula kuti ndiwayeze, ndimaona zambiri. Ndimaona zipsera za amuna awo. Ndimaona mimba zomwe makolo sanazidziwe. Ndimaona mabala a matenda omwe munthu sanauze ngakhale mlongo wake. Ena mwa anthu amenewo ananditukwanapo, ena anandinyozera ntchito pagulu. Unayamba wandimva ndikutchula za thupi la munthu? Chimene munthu wakuonetsa atavula si chida chako ayi. Anakusungitsa chabe. Mnzakoyo anaseka lilime lako, lomwe aliyense amalimva kale. Iwe ukufuna kutulutsa zomwe anabisa pansi pa mtima, zomwe si zake yekha. Muli amayi ake mmenemo, muli ang'ono ake awiri. Anakulakwira chiyani amenewo? Nsalu ukaidula molakwika ndi ukali, ngakhale uisoke bwanji, msoko umaoneka. Ndiye ndikufunse. Iye za mlamu wanga, amayi akowo, sakuzidziwa?"

Tsabola anayang'ana pansi.

"A-akuzidziwa. Koma sa-sadzapeza mpata. Adzathawa pampando mphindi ziwiri zisanathe. Wothawa bokosi saligwira. Ndipo ndani adzamvere mwana wa mkaidi?"

"Ha! Wawerengera zonse, eti? Mtima wa mnzako wauyeza ndi tepi iti?"

Azakhali anatenga sizasi yaikulu ija, n'kulidula khadilo tizidutswa, phwatu phwatu, n'kuponya m'dengu la zigamba.

"Lemba lina. Lemba za kondakitala, lemba za wometa tsitsi. Ngati mtima ukuwawa, Lolemba tipitira limodzi kwa aphunzitsi akulu ukadandaule masana dzuwa likuwala. Koma izi ayi, osati m'nyumba mwanga."

"Chabwino, azakhali," anatero Tsabola.

Koma mwana ameneyu! Lachinayi pa nthawi yopuma analowa m'laibulale, anakhala pakona, n'kulilembanso khadi lija liwu ndi liwu. Ali mkati molemba, kamnyamata kena kanadutsa pazenera n'kunena kuti, "Ma-ma-matimati." Tsabola anakanikiza bolopeni yofiira mpaka katoni inabooka.

4. Ndi zopeka

Lachisanu m'mawa anapita ndi bokosi pakhomo la ofesi ya aphunzitsi. A Kabelu ankawerenga makhadi onse masewero asanachitike. Anawerenga limodzilimodzi ali chiimire, kapu ya tiyi ili pazenera. Atafika pa lofiira anakweza nsidze.

"Eee, koma iwe uli ndi mutu. Sopo wodula pakati! Zimenezi unaziganiza bwanji? Nkhani ngati iyi iwaphunzitsa anzako kumvera ena chisoni." Kenaka anamuyang'ana m'maso. "Ndi zopeka?"

"Ndi zo-zopeka, aphunzitsi."

"Chabwino. Ine sindingadziwe za m'nyumba za ana onsewa. Ndimadalira pakamwa panu. Pita, ukakonze mpando."

Tsabola anasanja makhadi ali panjira. Lake analiika pansi penipeni, pakuti wolemba ankatenga lotsala. Lofiira analiika pamwamba. Ankamudziwa bwino mnzake wakaleyo. Mfumukazi sankalola wina kutola iye asanatole, ndipo sankavutika n'kufufuza pansi.

5. Mphindi khumi

Madesiki anapita kukhoma. Tsabola anaima pakati, atanyamula bokosi.

"Patukani, patukani, mfumukazi sidya zotsala!" anakuwa Mfumukazi, akukankha anzake ndi chigongono. Gulu lake linaseka. Anatola la pamwamba.

Analitsegula akumwetulira. Kumwetulirako kunatha pang'onopang'ono. Anawerenga mpaka pansi, n'kuyambiranso pamwamba. Kenaka anadzutsa maso n'kuyang'ana Tsabola. Tsabola naye anamuyang'ana, osaphethira.

"Lofiira lapita kwa yani?" anafunsa a Kabelu. "Aa, kwa mwini bwalo! Khala pampando, utiwerengere."

Mfumukazi anakhala. Anawerenga ndi mawu otsika koma omveka.

"Ndiwe mwana wa mkaidi. Bambo ako anagunda munthu ndi lole ataledzera. Anzako umawanamiza kuti ali paulendo. Loweruka loyamba la mwezi umapita kundende ndi sopo, ndipo pageti amamudula pakati."

"Tayamba," anatero a Kabelu, akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Woyamba anali Wamtali, mnyamata wanthabwala amene ankakhala kumbuyo. Anatola khadi la msilikali wa kundende. Anatukumula chifuwa, rula ili kukhwapa.

"Iwe mtsikana! M'sopo umu wabisamo chiyani? Macheka? Kapena ndege yothawira?"

Ana anaseka. Mfumukazi sanaseke.

"Dulani, bwana. Mwezi uliwonse mumadula. Ndikungopempha kuti mpeni muupukute, chifukwa ulendo wapita munadulira buledi ndi mpeni womwewo, bambo anadya zonunkha sopo."

Kuseka kunachepa. A Kabelu anagwedeza mutu, akusangalala.

Kenaka anaimirira Magalasi, mtsikana wofatsa amene ankakhoza mayeso onse. Iye anali mkazi wa munthu wogundidwa uja.

"Mwamuna wanga ankapita kuntchito pa njinga. Sanalakwire munthu. Ana anga ndiwauze chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi," anayankha Mfumukazi. "Pa chiwongolero sindinalipo ine, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Koma ndikakuonani mumsewu ndimakhota njira. Nsapato za mwana wanu wamkulu zinang'ambika, ndinaziona. Ndinafuna kumupatsa zanga, koma ndinaopa kuti mudzaziponya pamoto."

Wina ananong'ona kuti, "Koma ndiye amatha ameneyu." Onse ankaganiza kuti akuona luso.

Mphindi zisanu zinatha. Zisanu ndi imodzi. Mfumukazi pampando anali chikhalire. Ndipo chomuwawa kwambiri Tsabola n'chakuti anthu ankasirira Mfumukazi m'malo momuseka.

"Wolemba makhadi, sunafunsebe," anatero a Kabelu. "Ndiwe yani lero?"

"Mnzake wapamtima wa kusukulu."

Apa mpomwe panali mpata. Tsabola akanatha kufunsa zachabe, zoti kundende amadya kangati, masewero n'kutha, kalasi osadziwa kanthu. Mfumukazi anamuyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha, ngati wopempha. Koma kumbuyo wina wa gulu lija ananong'ona kuti, "Tiyeni nazo, mayi a matimati."

Tsabola anayenda mpaka pafupi ndi mpando, n'kuloza dzanja la Mfumukazi. Mawu anatuluka osakakamira ngakhale pamodzi.

"Mnzanga, wotchi wavalayi, imene umatiuza kuti bambo ako anakugulira paulendo, unaitenga kuti?"

Wotchi sinali pakhadi. Inali pamkono, ndipo aliyense m'kalasimo ankaidziwa pamodzi ndi nkhani yake ya malole. Maso onse anapita pamkonopo. Wamtali anatsitsa rula. Magalasi anagwira pakamwa.

Tsabola anadikira kuti mpando ugwe, chitseko chimenyeke. Sizinachitike. Mfumukazi anamasula lamba pang'onopang'ono, n'kuikweza wotchiyo m'mwamba.

"Anatipatsa ndi asilikali a kundende, m'kapulasitiki, pamodzi ndi lamba wa buluku ndi makiyi. Imachedwa ndi mphindi ziwiri, koma sindiikonza, chifukwa anaisiya choncho."

A Kabelu nkhope inagwa. Dzanja linathamangira m'thumba la jekete.

"Musalize, aphunzitsi," anatero Mfumukazi. "Kwatsala mphindi zitatu."

"Mwana wanga, sukuyenera…"

"Mukaliza pano adzati ndathawa. Ine sindinathawe." Anaika wotchi pabondo. Misozi inkatsika mpaka pakolala, koma sanaipukute. "Alipo wina ali ndi funso?"

Panalibe. Atsikana a gulu lake anayang'ana kuzenera, wina anasuntha chikwama chake kuchichotsa pafupi ndi cha Mfumukazi. Mphindi zitatu zimenezo zinatalika, abale! Munkangomveka phokoso la mpira kubwalo ndi kupuma kwa anthu. Tsabola anaima pomwepo, bokosi lili pamapazi, akusowa poyang'ana.

6. Belu

Ngiii! Kabelu kanalira.

Ana anaimirira mwaulesi, anasansa manja, n'kunena motsitsa kuti, "Sindine uja." Mfumukazi anaimirira pomaliza. Manja sanasanse.

"Ine ndine yemweyo," anatero. "Bambo anga ali kundende. Amene akufuna kuseka aseke pano ndimuone."

Palibe anayerekeza.

A Kabelu anavula jekete n'kuliponya padesiki. Chiyambire ana anali asanawaone atakwiya chotero. Sanakuwe ayi, analankhula motsitsa.

"Khalani pansi nonse. Masewero amenewa ndinawabweretsa kuti muphunzire kulowa m'khungu la munthu wina, mumve mmene mukuwawira. Wamanyazi alankhule, wamwano aphunzire kumvetsera. Mpando uwu ndinauika pakati kuti mwana akhalepo mosaopa, podziwa kuti belu likalira zonse zatha. Sabata yatha wina anauipitsa ndi chipongwe, ine ndinangoti apepese, n'kuganiza kuti nkhani yatha. Sindinatsatire kuti ndione ngati bala lapola. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndipo ndikuvomera pamaso panu. Koma iwe Tsabola, unandiyang'ana m'maso m'mawa uno n'kundiuza kuti ndi zopeka. Unatenga kalasi langa, anzako onsewa, ndi ine ndemwe, n'kutisandutsa ndodo yomenyera mnzako. Wamtali sanadziwe kuti akuseka bambo weniweni. Magalasi sanadziwe kuti akulasa mtima weniweni. Uwayang'ane nkhope zawo. Wakhuta tsopano? Chibwibwi chako chatha? Lolemba ubwere ndi azakhali ako. Ndipo nonsenu mumve: zomwe zanenedwa muno zitsale muno. Ndikangomva mwana wa Fomu 1 akutchula za ndende, ndidzadziwa kuti zatuluka pakamwa pa mmodzi wa inu."

Tsabola ankayembekeza kuti tsiku limeneli mtima wake uzizira. Koma sunazizire.

A Kabelu anawerama kutola bokosi.

"Sabata yamawa makhadi ndilemba ndekha."

"Ayi, aphunzitsi," anatero Mfumukazi, atatambasula manja. "Ndakhala mpaka belu. Lamulo lachitatu ndi lanu, si langa. Kapena mwana wa mkaidi saloledwa kugwira bokosi?"

Ana makumi anayi ankayang'ana a Kabelu. Akanakana, ndiye kuti amulanga mwana wolakwiridwa kale pamaso pa anzake.

"Tenga," anatero pomaliza. "Koma undimvere. Ndikudziwa zomwe zikuwira m'mutu mwako, chifukwa inenso ndinakhalapo mwana. Mnzakoyu anabwezera, taona pomwe waima. Palibe wamuombera m'manja. Iwe lero wachita chinthu chomwe akuluakulu ambiri sangathe, usachidetse. Ukabwezera, iyenso adzabwezera, mpaka m'kalasi muno mudzasowa wolimba mtima wokhala pampando. Makhadi ako ndidzawawerenga limodzilimodzi."

"Mudzawerenge ndithu, aphunzitsi," anatero Mfumukazi. "Adzakhala opeka ngati a lero."

7. Pageti

Poweruka Tsabola anatsalira m'kalasi, akuchita ngati akufuna bolopeni pansi pa desiki. Palibe anamutchulira za matimati. Palibenso anamutsanzika. Atatuluka anapeza bwalo lili mbee, koma pageti panali munthu mmodzi ataima, bokosi la nsapato lili kukhwapa.

Kuthawa kunalibe, geti linali limodzi. Tsabola anafika pafupi.

"Pe… pe… pe…"

Chibwano chinagwedezeka, maso anatsinzina, liwu linakana. Mfumukazi sanamuseke ulendo uno. Anangodikira phee, akumanga lamba wa wotchi.

"Usavutike," anatero. "Sunga mawu, udzawafuna Lachisanu."

"Ndi-ndinapsa mtima. Iwe u-unayamba."

"Ndinayamba, inde. Ndinaseka lilime lako, ndipo unali uchitsiru umene ndinachita. Iwe wakhudza bambo anga." Anasuntha bokosi kulipititsa kukhwapa lina. "Ndikanatha kukuwa m'kalasi muja, aliyense akanamva za hotela ya amayi ako. Koma ayi. Ndikufuna ukhale pampando, udzanene wekha ndi pakamwa pako, mphindi khumi zonse. Ukafuna udzathawe, uzikaonerera mpaka teremu ithe. Tidzaone ngati lilimelo lidzamasukenso kwina."

"Si-sindidzatola lofiira."

"Lidzakupeza, usadandaule. Wandiphunzitsa wekha kasanjidwe kake."

Ananyamuka, anayenda pang'ono, kenaka anatembenuka.

"Paja ndi Lamulungu, eti? Ukawapatse moni amayi ako. Ndipo ukayang'anitsitse mtundu wa mabulangete a m'wodi, chifukwa Magalasi amakonda kufunsa zing'onozing'ono."

Tsabola anatsala pageti. Kutsidya kwa msewu makina a azakhali ankamveka akusoka. Azakhaliwo anadzutsa mutu, anamuona, n'kumukodola ndi dzanja akumwetulira. Kenaka maso awo anatsatira mtsikana wamtali amene ankatsika msewu ndi bokosi la nsapato, ndipo makina anaima.